Za bawuti ya kalipa yobulungira mutu ija

Asuweni, uthenga wanu ndaumva ndipo chithunzi ndachiona. Mwafunsa kuti bawuti imene yabulungira mutu, ya pa kalipa, chitsulo chija chopana mabuleki mkati mwa gudumu la galimoto, mungaichotse bwanji, koma popeza mwatchula kawiri konse kuti mawa muli ndi ulendo, ine ndikuona kuti funso lenileni lili penapake. Tifikako. Poyamba ndinene kuti sipanala yotsegula kukamwa imene ikuoneka m'mphepete mwa chithunzicho ndi imene yadya makona a bawutiyo, chifukwa imagwira mbali ziwiri zokha, ndipo ndikudziwa kuti mukana monga munakanira za njinga ija.

Mukukumbukira amalume aakulu ndi galimoto yawo yoyera ija, imene mayi anu sanaikwerenso chichitikire zija? Inawachitapo zomwezi. Inali bawuti yaing'ono ya pa pini imene kalipa imatsetserekapo... ayi, ndikonze, inali yaikulu, yogwira bulaketi imene kalipa imakhalapo, ya mutu wa 17 mm, ndipo amene anayamba kuigwira anaisiya yosalala ngati mwala wa mumtsinje. Amalume sanapupulume. Anaikhazika galimoto pa zochirikiza zachitsulo, chifukwa pansi pa galimoto yolendewera pa jeke yekha sankalowapo, kenako anakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto kuti bawutiyo ionekere bwino. Anapala dzimbiri ndi burashi ya waya, anathirapo mafuta olowerera aja, anagogoda mutu wake ndi hamala pang'onopang'ono, n'kukakhala pansi. Ife tinkayesa kuti agonja, pamene iwo ankangodikira kuti mafutawo atsike m'mazinga.

Atabwerera anatenga soketi ya makona 6, osati ya makona 12 imene imangogwira nsonga zokha, ndipo anasankha ya 16 mm, yochepa pang'ono, n'kuikhomerera ndi hamala mpaka inakhala thi. Chimene sindiiwala n'chakuti asanakoke anagona chagada n'kusuzumira kuseri kwa gudumu, kumene kuli mutu wa bawuti. Anatiuza kuti bawuti zimenezi zimalowa kuchokera kuseri, choncho munthu amene waima kunja amaona zinthu mozondoka, ndipo amalimbikira kumanga akuganiza kuti akumasula. Anaika mpini wautali, anakoka mosalekeza popanda kugwedeza, tinangomva kuti kwe! Bawuti inatuluka, mazinga ake akuoneka abwinobwino, ndipo bambo anu anati ibwezeretsedwe anthu anyamuke. Amalume anaiyang'ana n'kuiponya m'chitini cha zitsulo zotha, ndipo galimoto inakhala pa zochirikiza mpaka yatsopano itapezeka. Mukudziwa nokha mmene nkhani imeneyi inakulira pakhomo, koma iwo sanasinthe maganizo.

Tsopano kwa inu. Pa chithunzipo ndikuona kuti yanu ndi yaing'ono ya pa pini, mwina ya 14 mm, choncho chitani zomwezo ndi soketi ya 13 mm, ndipo samalani ndi ya 9/16 inchi chifukwa ndi yotayirira pang'ono pa mutu wa 14. Ngati pini ikuzungulira limodzi ndi bawuti, igwireni ndi sipanala yopyapyala. Bawutiyo ikakana, pali masoketi opangidwira bawuti zotere, okhala ndi mano opotana mkati amene amaluma kwambiri mukamamasula. Moto pamenepo musauyandikitse, chifukwa pali labala wophimba pini, paipi ya mafuta a mabuleki, ndipo mwina waya wa ABS, chipangizo choletsa magudumu kukhukhuluzika mukaponda buleki mwamphamvu. Zonsezi zikalephereka, munthu wodziwa kuwotcherera amatha kuwotcherera nati pamutupo, koma imeneyo ndi ntchito yoitanira mmisiri.

Chabwino, ndinene chimene ndikuganiza kuti mumafuna kumva. Inu mukufuna wina akuuzeni kuti bawutiyo ikatuluka mukhoza kuibwezera pomwepo, kapena ikaduka mukhoza kuyendera imodzi yotsalayo mawa lokha n'kudzakonza pobwera. Ayi, asuweni, zimenezo musachite. Bawuti yopanda makona simungaimange pa mlingo wake, chifukwa soketi iterereka isanafike, ndipo simudziwa kuti inapotoka motani pamene mumalimbana nayo. Kalipa yogwidwa ndi bawuti imodzi imatha kutembenuka mukaponda buleki, n'kugunda mkati mwa limu ndi kukoka paipi, ndipo mafuta akatayika phazi limatha kulowa mpaka pansi galimoto ikupitabe.

Pezani yatsopano yopangidwira galimotoyo. Onani nambala ya pamutu pa yakaleyo, ngati ikuwerengekabe, kaya ndi 8.8 kapena 10.9, chifukwa imeneyo ndi imene imasonyeza kulimba kwa chitsulo, ndipo ya nambala yotsika isalowepo ngakhale itafanana kutalika ndi mazinga. Poilowetsa yambani ndi zala. Ikamagwedera kapena kuzungulira osagwira, ndiye kuti mazinga a mkati mwa pini atha, pini nayo isinthidwe. Zing'onozing'onozi pa magalimoto ambiri zimamangidwa pakati pa 25 ndi 35 Nm, umene ndi muyezo wa mphamvu yomangira bawuti, pamene zazikulu za bulaketi zimafuna mphamvu yoposa pamenepo kwambiri, koma mlingo weniweni muuone m'buku la galimoto yanu. Inuyo ndi dzanja lanu lolemeralo mukhoza kuidula yatsopanoyo tsiku lomwelo, choncho bwerekani sipanala yoyezera mphamvu.

Ndikubwerezanso, chifukwa ndikudziwa kuti mauthenga aatali mumawamvera theka: bawuti imene yabulungirayo isabwererenso pa galimoto. Pamene mukudikira yatsopano, kalipa muipachike ndi waya pa sipuling'i, isalendewere pa paipi yake. Mukamaliza kumanga, pondani buleki kangapo galimoto isanasunthe mpaka phazi limve kulimba, chifukwa pisitoni ya mu kalipa imakhala itabwerera m'mbuyo.

Za ulendo wa mawa, ngati yatsopano siinapezeke, galimotoyo isatuluke pakhomo, ndipo azakhali ndiwauza ndine kuti mufika mochedwa. Ikangotuluka bawutiyo munditumizire chithunzi cha mazinga ake pamodzi ndi bowo la pini, ndione ngati pini nayo ikufunika kusintha.