Amayi 18, mbaula imodzi: masangweji ndi zosunsira za Loweruka masana

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo, ndipo ndaidulako pang'ono: "Loweruka likubwerali gulu lathu la banki nkhonde likumana kwathu, tilipo amayi 18. Aliyense ikafika nthawi yake amagula mandasi ndi Sobo, ine ndikufuna kusinthako. Uvuni ndilibe, ndili ndi mbaula ndi kafiriji kakang'ono, za magetsi mukuzidziwa. Ndinayesapo masangweji pa tsiku lobadwa la mwana, koma pofika masana anali atanyowa, ana ankangowatembenuza n'kuwasiya. Ndikonze chiyani chosaboola m'thumba, choti ndisaswere kukhitchini?"

Achemwali, konzani mtundu umodzi wa sangweji, zosunsira ziwiri, ndi lichero la zinthu zosunsa. Zikwana. Anthu obwera kudzawerengera ndalama sakuyembekezera phwando laukwati, akufuna chogwira ndi dzanja limodzi linalo lili pa kope la masheya. Mukachulutsa mitundu, alendo adzakupezani thukuta lili kamukamu, mafuta akadali pamoto.

Masangweji aja ananyowa chifukwa cha madzi, ndipo ndikhoza kulumbira kuti munaikamo tomato. Pa magawo 100 a tomato, oposa 90 ndi madzi. Nkhaka ndi chimodzimodzi. Mukangowaza mchere, mcherewo umayamba kukoka madziwo kunja, ndiye buledi naye sakana, amamwa onse. Mukawonjeza kuika mazira akadali ofunda n'kumanga zonse m'jumbo, nthunzi imasowa kothawira, imabwerera m'buledi momwemo.

Choyamba ndi majarini. Pakani masilayisi onse awiri, wapansi ndi wapamwamba, mpaka m'mphepete mwenimweni. Sikuti mupake chambiri ayi, koma pasatsale malo ouma, chifukwa mafuta ndi amene amatchinga madzi kuti asalowe. Ambiri timapaka pakati pokha n'kusiya m'makona, ndipo kunyowa kumayambira komweko. Chachiwiri, gulani buledi Lachisanu, osati Loweruka m'mawa. Wogona tsiku limodzi amadulika bwino, pomwe wotentha wa ku bekare amafwanyika pansi pa mpeni. Za tomato, ine maganizo anga ndi akuti mumusiye kunja kwa sangweji iliyonse yomwe idikire kupitirira theka la ola. Ngati mtima sukulola, mudule, muchotse njere ndi madzi am'kati, muwaze mchere, mumusiye pa sefa mphindi 15, mumupukute ndi kansalu koyera, kenaka mumuike pakati pa zinazo osakhudza buledi.

Kwa anthu 18 ndikusankhirani sangweji ya mazira. Buledi wodulidula wa m'sitolo amakhala ndi masilayisi pafupifupi 20, ndiye awiri akupatsani masangweji 20. Mukadula iliyonse panayi mopingasa mupeza tizidutswa 80, tinayi pa munthu n'kutsalako. Mazira 16 akwanira. Aikeni m'madzi ozizira, madzi akayamba kubwata muwerenge mphindi 10, kenaka muwathire msangamsanga m'madzi ozizira. Kuziziritsa mwachanguku kumathandiza posenda, komanso kumaletsa kamzere kobiriwira kaja kozungulira chikasu cha dzira, komwe kamabwera dzira likapsa mopitirira. Mazira oikira dzulo amavuta kusenda, choncho a m'sitolo omwe akhalako masiku angapo ndi abwino pa ntchito imeneyi kuposa a m'khola mwanu.

Akazizira kwenikweni, aphwanyeni ndi foloko, osawasandutsa phala. Thirani masupuni aakulu 8 a mayonesi, mchere, kasupuni kakang'ono ka curry, ndi anyezi mmodzi wodula tinthu ting'onoting'ono. Anyeziyo muyambe mwamuviika m'madzi ozizira mphindi 10 n'kumufinya, ukali umachoka ndipo amayi sabwerera kwawo ndi fungo m'kamwa. Mayonesi akhale wa m'botolo. Wopanga nokha amafuna dzira laliwisi, ndipo dzira laliwisi pa chakudya chodikira alendo m'nyengo yofunda ndi kuitana kutsegula m'mimba. Ngati mayonesi wakwera mtengo, phwanyani peyala limodzi lakupsa n'kufinyiramo ndimu, ligwira mazirawo bwino lomwe, kungoti zikatero musakanize ola lomaliza.

Pali ena sadya mazira. Chitini chimodzi cha nsomba, mutakhetsa msuzi wake, n'kuphwanya ndi anyezi, ndimu ndi dontho la Nali, chikupangirani masangweji anayi kapena asanu a anthu otere.

Makoko a buledi ambiri amadula n'kutaya kuti zioneke zapahotela. Dulani ngati mukufuna, koma musataye. Akazingeni pa chiwaya chouma mpaka akhale okhukhuta, alowe m'lichero la zosunsa.

Tsopano zosunsira. Nyengo ya mvula ino mapeyala ali mbwee, kuyambira pa Bvumbwe mpaka mumsika wa Limbe, ndiye choyamba chikhale guacamole, chosunsira cha ku Mexico. Ife tinazolowera peyala lothira shuga kapena lopaka pa buledi, koma kumeneko amalidya ndi mchere, ndimu ndi tsabola, ndipo mukalawa kamodzi mumvetsa chifukwa chake. Posankha, pewani mapeyala amadzimadzi aja okoma ngati nkhaka. Funsani wogulitsa akupatseni amafuta, ndipo dinani pang'ono pafupi ndi phesi: lifewe koma lisabooke. Mapeyala anayi aakulu, mandimu awiri, anyezi wamng'ono, mchere, ndi kambuzi mmodzi yekha wochotsa njere. Ndanena mmodzi. Kambuzi amanunkhira bwino kuposa tsabola wina aliyense amene ndimamudziwa, koma awiri m'mbale imeneyi ndiye kuti theka la gulu lingoyang'ana. Okonda moto muwaikire botolo la tsabola pambali.

Peyala likakumana ndi mpweya limada. Madzi a mandimu amachedwetsa kudako, koma sakuletsa mpaka kalekale. Pali chikhulupiriro chakuti ukaika nthanga ya peyala pakati pa mbale sizida. Nthangayo imangoteteza pomwe yakhalapo basi, kwina konse kumada ndithu. Chothandiza ndi kuyala pulasitiki woyera pamwamba penipeni, wogunda chakudyacho, kuti mpweya usapeze polowera. Ndipo ichi chikhale chomaliza kukonza, alendo atatsala pang'ono kugogoda.

Chachiwiri ndi chomwe ndimachikonda kwambiri, chifukwa chimaphikidwa dzulo lake ndipo chimakoma chikagona. Ku Lebanon ndi maiko oyandikana nawo amadya hummus: nchana zophika n'kuzipera, zosakaniza ndi chitowe chosinja, adyo, mandimu ndi mafuta. M'masitolo akuluakulu a m'tauni amagulitsa m'timakontena pa mtengo wodabwitsa. Komatu ngati munaphikapo chipere, ntchito yaikulu mukuidziwa kale. Tengani makapu awiri a nyemba zoyera, khobwe kapena nandolo wouma, muviike usiku wonse, m'mawa mutikite ndi manja kuti makoko achoke. Kuchotsa makoko n'kotopetsa, koma ndi komwe kumapangitsa chosunsira kukhala chosalala m'kamwa. Nyemba zibwate mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira, chifukwa zosapsa bwino, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wopotokola m'mimba yemwe amafa ndi moto waukali. Kenaka muchepetse makala, zipse mpaka zizisungunuka mukazidina ndi chala.

Khetsani madzi koma musataye. Sinjani nyembazo mumtondo woyera zikadali zotentha, kapena zitikiteni pa sefa ndi kumbuyo kwa supuni. Zikazizira zimauma mutu. Thirani adyo tiwiri tosinja ndi mchere, madzi a mandimu awiri, masupuni aakulu anayi a mafuta ophikira, ndi masupuni atatu a chitowe chokazinga n'kusinja. Chitowe chimalimidwa kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo m'misika ya Blantyre chimapezeka kwa ogulitsa nyemba. Pokazinga musachoke pamoto, chimapserera m'kanthawi kochepa ndipo chikapserera chimawawa. Chikasowa, chiponde chopanda shuga chigwira ntchito, kakomedwe kamasintha koma sikaipa. Pomaliza muzithira madzi a nyemba aja pang'onopang'ono mpaka supuni izisiya kanjira komwe kakutsekeka pang'onopang'ono. Lawani. Nthawi zambiri chimene chimaperewera ndi ndimu, osati mchere.

Ngati chiponde musinja nokha, sankhani mtedza bwinobwino. Wofota, wakuda ndi wachuku utayidwe, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin, safa ndi kukazinga, ndipo amawononga chiwindi.

Gulu likadzabweranso kwanu mu Okutobala, mapeyala atasowa, m'malo mwake mudzaotche mabiringanya. Apa mbaula yanu imaposa uvuni wa aliyense, chifukwa chimene chimakometsa baba ganoush, chosunsira china cha komwe kuja, ndi utsi. Boolani mabiringanya atatu aakulu ndi foloko kuti asaphulike, muwaike pa makala penipeni, muzitembenuza mpaka khungu lipserere lonse ndipo afwafwanthike, mphindi 20 kapena kupitirirapo. Musachite mantha ndi kuda kwake. Akazizira, palani mnofu, muusiye pa sefa madzi owawa akhe, kenaka muphwanye ndi adyo, ndimu, chitowe ndi mchere monga mwachitira ndi nyemba.

Zosunsa zisakudyereni ndalama. Musagule mabisiketi amchere kapena tchipisi ta m'mapaketi, anthu 18 atha paketi musanakhale n'komwe pansi. Chinangwa cha manyokola, chozuna chija, ndicho mfumu pamenepa. Chisendeni, muchidule timizere ngati zala, muchiwiritse mpaka chifewe koma chisasweke, muchiyale chiume, kenaka muchikazinge. Chowiritsa kaye chimakhala chofewa m'kati, chokhukhuta kunja, ndipo sichimwa mafuta ambiri. Chowawa chisiyeni, chimenecho n'cha kondowole, chimafuna kuviika masiku kuti poizoni achoke. Mbatata ya kholowa, makamaka yofiira m'kati, imayenda bwino ndi nyemba zija. Chapati ziwiri kapena zitatu zodula makona atatu n'kuzikazinga zimathanso msanga.

Pokazinga, ponyani kachidutswa kamodzi kaye. Kakangomira phee, mafuta sanatenthe. Musadzaze chiwaya, chifukwa mafuta amazizira ndipo chinangwa chimayamba kuwamwa. Mchere muwaze chikangotuluka, ndipo musavindikire. Ikani pa lichero loyala pepala loyera. Chivindikiro chimabweza nthunzi, n'kufewetsa zonse zomwe mwavutikira.

Onjezani kaloti, nkhaka ndi girinipepa zodula timizere kuti lichero lioneke lamoyo. Popeza izi n'zodya zosaphika ndipo tili m'nyengo ya mvula, tsukani ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, kaloti ndi nkhaka muzisende. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 sanachoke m'mitima mwathu. Pa mbale ya chosunsira chilichonse ikani supuni, ndipo aliyense akhale ndi kambale kake, azitapa n'kusunsira m'mwake. Anthu 18 kubwereza chinangwa cholumaluma m'mbale imodzi si bwino, ngakhale mutakondana chotani.

Kagawidwe ka ntchito ndi komwe kakupulumutseni. Lachinayi usiku viikani nyemba. Lachisanu muziphike, muzisinje, muziyale m'mbale yosazama kuti zizizire msanga, zilowe m'firiji. Mazira muwiritse madzulo omwewo koma muwasunge ndi makoko awo, chinangwa nachonso muchiwiritsiretu. Loweruka m'mawa dulani masamba, muwaike m'madzi ozizira. Ngati msonkhano ndi wa 2 koloko, kazingani cha m'ma 12, sakanizani mazira ndi kupaka buledi cha m'ma 1, mapeyala pomaliza. Masangweji mukawadula, ayaleni mothithikana m'thireyi n'kufunditsa kansalu koyera konyowetsa ndi kufinya kwambiri, kuti m'mbali musaume. Dulani ndi mpeni wamano, mocheka, osadinikiza.

Za kafiriji ndi magetsi: firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi 4 magetsi atazima. Ndiye Lachisanu ikani mabotolo awiri a madzi mufiriza aume gwa, magetsi akathawa muwatsitsire pafupi ndi mazira ndi nyemba, ndipo ana muwaletse kutsegulatsegula. Chakudya cha mazira, nsomba kapena nyemba chisakhale patebulo kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi. Misonkhano ya banki nkhonde ndimaidziwa, wina akalephera kubweza ngongole nkhani imafika madzulo. Choncho tulutsani theka, theka linalo lidikire kozizira mpaka loyamba litatha.

Chakumwa musavutike nacho. Thobwa, madzi a malambe kapena tiyi wa mandimu, chimodzi mwa izi.

Ndalama zambiri zipita ku mazira ndi mafuta okazingira. Zikavuta, chepetsani mazira akhale 10 n'kuwonjezera kaloti wopala ndi kabichi wodula mopyapyala, wofinyidwa madzi, ndipo chinangwa muchiotche pa makala mutachipaka timafuta m'malo mochikazinga. Zotsala za mazira zomwe zakhala patebulo masana onse musasungire ana, zitayeni. Nyemba zomwe sizinatuluke m'firiji zikhoza kukhala masiku atatu, ndipo Lamulungu mukazitenthetsa ndi tomato wokazinga ndi ndiwo ya nsima yokwana banja lonse.