Kwa achemwali amene afunsa za okushoni ya magalimoto ku Japan

Achemwali, mwafunsa kuti okushoni ya pa intaneti imayenda bwanji kwa wogula, komanso ngati n'zoona kuti Toyota Sienta yomwe ikukudulirani pa yadi mungaipeze motchipa ku okushoni ya ku Japan muli khale pa foni. Ine ndagulako magalimoto awiri mwa njira imeneyi, ndiye ndikuuzani mmene ndinaonera. Pepani, yankho litalikako.

Yambani ndi kuchotsa maganizo akuti mudzapikisana nawo nokha. Misika ikuluikulu ya okushoni ku Japan, monga USS, TAA ndi JU, salowetsa munthu wamba. Amene amagula kumeneko ndi madila okhala ndi chiphaso, olembetsedwa ngati mamembala. Inu mumadzera kwa ejenti kapena kampani yotumiza magalimoto kunja. Mumapereka dipoziti, iwo n'kukutsegulirani mndandanda wa magalimoto amene akubwera pamsika sabata imeneyo, mumasankha, kenako mumawauza mtengo womwe simungapitirire. Msika uliwonse uli ndi tsiku lake: USS Tokyo imagulitsa Lachinayi, USS Nagoya Lachisanu. Amene munafikako ku okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe mukudziwa mmene belo limagulidwira, mlimi asanaphethire n'komwe. Ku Japan n'chimodzimodzi. Galimoto imaonekera pa sikirini, ogula akudina mabatani, ndipo mphindi imodzi isanakwane yapita. Palibe mpata woti ejenti akuimbireni kuti mayi, tionjezere? Komanso Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndiye pamene msika ukutsegulidwa inu muli mtulo.

Musasokoneze ndi mawebusaiti monga BE FORWARD kapena SBT Japan pomwe mumaona galimoto ili kale ndi mtengo wake. Imeneyo si okushoni, ndi sitolo. Magalimoto ambiri a pamenepo anagulidwa ku okushoni komweko n'kuikapo phindu.

Mtengo umene mwamuuza ejenti uja si umene mudzalipire ayi, ndi denga chabe. Pa eBay, webusaiti yomwe anthu amagulitsirapo katundu pa okushoni, ndi pomwe zimaoneka bwino. Tinene kuti mwaika £120 pa foni ina yake ndipo mnzanu waika £85. Kompyuta imakupikisanirani yokha, pang'onopang'ono, ndipo mukapambana mulipira kungodutsa £85 pang'ono, osati £120. N'chifukwa chake akatswiri a pa eBay amadikira masekondi omaliza, poti kumeneko nthawi ikatha yatha. Pa Yahoo! Auctions ya ku Japan wogulitsa akhoza kuika zoti wina akabwera mochedwa nthawi iwonjezeke ndi mphindi zisanu, ndiye kubisalira kumeneko sikuthandiza kwenikweni. Ku magalimoto nako ejenti wachilungamo amakulipiritsani pomwe mpikisano unathera. Mufunseni zimenezi musanapereke dipoziti, chifukwa alipo ena amene amakulembani denga lanu lonse ngakhale galimoto inapita motsika, zotsalazo n'kulowa m'thumba mwawo. Dziwaninso kuti wogulitsa amakhala ndi mtengo wake wobisika womwe sangatsike. Mukhoza kuposa aliyense koma osaitenga galimotoyo. Zikatero ejenti amatha kukambirana ndi mwini wake msika utatha.

Tsopano nkhani ya pepala, imene anthu ambiri amaidumpha poti maso ali pa zithunzi. Galimoto iliyonse isanalowe mumsika imayenderedwa ndi woyeza wa okushoniyo, ndipo amalemba pepala lotchedwa auction sheet. Pamwamba pamakhala giredi. Giredi S kapena 6 ndi yonga yatsopano, 5 ndi 4.5 ndi zabwino kwambiri, 4 ndi yomwe ambirife timakwanitsa, 3.5 ndi 3 zimafuna kukonza kapena zayenda kwambiri. Mukaona R kapena RA, galimotoyo inakonzedwapo pa chimango chake, nthawi zambiri chifukwa cha ngozi. Mkati namo muli giredi yake ya zilembo, A kukhala mwaukhondo kwambiri. Pansi pamakhala chojambula cha galimoto chokhala ndi tizizindikiro: A ndi pokalika, U ndi dent, W ndi pomwe anawongola n'kupentanso, S ndi dzimbiri, XX ndi chitsulo chomwe anachotsa n'kuika china. Nambala yotsatira chilembo ikunena kukula kwa vutolo, ndiye A1 musadandaule nayo, koma U3 pa chitseko mudzaiona muli patali. Dzimbiri liyang'anitsitseni pa magalimoto ochokera kumpoto monga ku Hokkaido, komwe misewu amaithira mankhwala osungunulira chipale.

Chaka nacho chimalembedwa mwa kawerengedwe kawo. H ndi Heisei, mumaphatikiza 1988, choncho H27 ndi 2015. R ya pa chaka ndi Reiwa, mumaphatikiza 2018, R2 ndi 2020. Musaisokoneze ndi R ya ngozi ija.

Galimoto yanga yoyamba ndinagwa nayo pomwepa. Ejenti wina ananditumizira zithunzi zowala bwino, n'kundimasulira pepala kuti zonse zili bwino, giredi 4. Ine osafunsa pepala lenileni. Itafika, makaniko wanga atangotsegula boneti anandionetsa pomwe anawotcherera kutsogolo konse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa yachiwiri ndinakakamira kuti andipatse pepala la Chijapani lenilenilo, nambala ya loti (nambala yomwe galimoto imapatsidwa mumsikamo), dzina la msika ndi tsiku, ndipo ndinakamasulitsa kwa munthu wina amene sankadya nawo pa malondawo. Ndemanga zolemba pamanja za woyeza ndi zomwe zimaulula zambiri: injini ikulira modabwitsa, mafuta akudontha, mkati mukununkha fodya. Pali makampani pa intaneti amene mukawapatsa nambala ya chassis amakufufuzirani pepala lakale pa kandalama kochepa. Ndipo export certificate imaonetsa makilomita omwe analembedwa pamene galimoto inkayezedwa ndi boma la Japan, ndiye ngati wina wabweza mita mmbuyo mudzamugwira pamenepo.

Kodi ndi yotchipadi? Apa tengani cholembera. Pa mtengo wa mumsika muonjezere chindapusa cha okushoni, cha ejenti, ndi kunyamula galimoto kuchoka kumsika kukafika kudoko monga Yokohama, Nagoya kapena Kobe. Zonsezi pamodzi ndiye FOB. Muonjezere sitima ndi inshuwalansi, ndiye CIF, ndipo ambirife timatsitsira ku Dar es Salaam. Panyanja yembekezani mwezi kapena kuposerapo, osawerengera masabata odikira sitima. Ikafika pali zolipira za padoko, wa clearing, dalaivala ndi mafuta a makilomita oposa 900 kukafika pa Songwe, kenako msonkho wa MRA, womwe umayendera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo nthawi zina umayandikira mtengo wa galimoto yeniyeniyo. Mukamaliza apo kuli kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshuwalansi ya kuno. Ndiye werengani chobwerera mmbuyo. Yambani ndi ndalama zonse zomwe muli nazo, chotsani zonsezi, chotsalacho ndiye denga lanu la ku okushoni. Za msonkho funsani wa clearing musanagule, osati galimoto ili kale pa boda ikuwerengera masiku.

Chinanso chowawa ndi forex. Mukapambana, invoice imafuna kulipiridwa m'masiku ochepa, pomwe banki yathu ikhoza kukuimikani pamzere. Amene anapambana galimoto kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023 koma asanalipire, anaona zakuda. Ndipo ku okushoni kulibe zoti ndasintha maganizo. Mwapambana ndi yanu, mukathawa dipoziti yapita ndipo mwina chindapusa pamwamba. Kubweza galimoto poti mtundu sunakusangalatseni kulibenso. Ndalama tumizani ku akaunti ya kampani, dzina lofanana ndi la pa invoice. Mukalandira imelo yoti tasintha akaunti, imbani foni kaye pa nambala yomwe mumaidziwa kale, chifukwa akuba amakonda njira imeneyo.

Wina mu gulu muno anatchula Copart, kampani ina ya okushoni ya magalimoto pa intaneti. Kumeneko magalimoto ambiri ndi angozi ochokera ku makampani a inshuwalansi, ndipo a ku America chiongolero chili kumanzere. A ku Britain chili kumanja ngati kwathu, koma muziona Cat N ndi Cat S, magulu osonyeza mmene galimoto inaonongekera: ya S inavulala chimango, ya N ayi. Kwa munthu amene akugula koyamba, ine sindingamutumize kumeneko.

Kunena zoona achemwali, pa Sienta imodzi kusiyana kwa mtengo ndi pa yadi mwina sikudzakhala kwakukulu monga anakuuzirani. Chimene ndinapindula ine pa yachiwiri ija n'chakuti ndinadziwa mbiri ya galimotoyo isanakwere sitima, ndipo ndinaluza kanayi ndisanapambane chifukwa ndinakana kukweza denga langa. Mukapeza yomwe yakusangalatsani, ikani auction sheet yake muno mutabisa nambala ya chassis, tiiwerengere limodzi msika wake usanafike.