Galu wa IPO1 amene anathawa ndodo pamaso pa jaji

Achimwene, mwafunsa za kagalu ka German Shepherd kamene wogulitsa akukakweza mtengo: ndalama zowonjezerazo musapereke chifukwa choti papepala la bambo wa kagaluko palembedwa IGP3 pomwe la bambo wa kagalu kenako pali IPO3. Wogulitsayo akukunamizani akamati IGP ndi yapamwamba. IPO ndi IGP ndi mayeso amodzi omwewo a agalu ogwira ntchito, okhala ndi magawo 1, 2 ndi 3, dzina ndi lomwe lakhala likusintha. Anayambira ku Germany, bungwe la agalu a German Shepherd lotchedwa SV litakhazikitsidwa ndi Max von Stephanitz mu 1899, pofuna kuona German Shepherd woyenera kubereketsa. Kale ankalemba SchH, mu 2012 onse anagwirizana pa IPO, ndiye kuyambira pa 1 January 2019 FCI, bungwe la agalu la mayiko ambiri, inati IGP. Zilembozo zikungokuuzani nyengo imene galuyo anayesedwa. Zigawo ndi zitatu zomwe zija, kulondola fungo, kumvera ndi chitetezo, chilichonse malikisi 100, ndipo osafika 70 pachigawo chimodzi ndiye kuti walephera.

Nkhaniyi imandiwawa chifukwa ine zilembo zomwezi zinandidyera ndalama zimene ndinkasunga zoti ndikamangire kumudzi. Ndinagula German Shepherd wamphongo kwa mkulu wina kuno ku Gauteng amene amaitanitsa agalu kunja. Buku lake la malikisi linali ndi IPO1, chidindo, siginecha ya jaji, TSB (chigamulo cha jaji pa mtima wa galu) yolembedwa "a", kutanthauza galu wolimba mtima kwambiri. Mkuluyo anandionetsa galuyo akuluma sleeve, chotchinga chovala pamkono, pabwalo la kunyumba kwake, helper, munthu wovala sleeveyo, ali mnyamata wake yemwe amamupatsa chakudya tsiku ndi tsiku. Anati IGP2 tingodutsa. Maphunziro onse ankachitikira pabwalo lomwelo, ndalama ndikulipira mwezi ndi mwezi, ndipo ndikafunsa zopita naye kukalabu ina ankati mahelper akunja amawononga agalu.

Tsiku la mayeso, mu 2019 momwemo, track, njira yolondola fungo, anaimaliza bwino, mapazi 400 oponda munthu wachilendo, zinthu zitatu zonse anagona pomwepo. Kumvera nakonso anadutsa, ngakhale mfuti italira kawiri ndinaona makutu akugwa. Titafika pachitetezo anazungulira mablind anayi, malo obisalamo helper, namupeza helper, n'kuyamba kuuwa. Kauwidwe kake kanali kopyapyala, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, maso akundifunafuna ine. Helper atathawa anamugwira, koma ndi mano akutsogolo okha, kunsonga kwa sleeve. Ndinati aus, mawu omuuza kuti asiye, anasiya msanga kwambiri, ngati wapepukidwa. Kenako helper uja anamutembenukira, ndodo m'mwamba, n'kumukankha ndi thupi lonse monga malamulo ankanenera nthawi imeneyo. Ndodo yoyamba itatera paphewa ndinaona kukamwa kukutseguka. Yachiwiri sinafike n'komwe. Galu anasiya, mchira pakati pa miyendo, anathamanga bwalo lonse kudzabisala kuseri kwa mawondo anga, akunjenjemera moti ndinkamumva m'miyendo. Bwalo linangoti zii. Jaji anakweza dzanja, mayeso athera pomwepo, m'buku analemba "ng", kutanthauza wosakwanira, pansi penipeni pa "a" uja. Mayi wina wachikulire wa kalabuyo anandipeza kugalimoto, nayang'ana bukulo, nandifunsa funso limodzi lokha: munamuonapo galuyu akulandira ndodo kwa munthu amene sakumudziwa? IPO1 yeniyeni inali ndi ndodo ziwiri zomwezo. Galu amene anazipirira ali ndi miyezi 18 sangazithawe chonchija atakula.

Mkulu uja nditamuimbira anati ndamuwononga ndine, ndinamuzoloweza kugona m'nyumba. Munthu amene anali naye m'manja mwake nthawi yonse ya maphunziro! Ankadziwa. N'chifukwa chake sankafuna kuti galuyo aone helper wina, n'chifukwa chake tsiku la mayeso sanabwere, anati galimoto yafa. Mpaka lero akugulitsabe, zithunzi zili mbwee pa Facebook, agalu atakhamukira pa sleeve, pansi atalemba mayina a makolo ndi zilembo zotalika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimandipweteka kuposa ndalama ndi galuyo, chifukwa analibe mlandu. Anamukankhira ntchito imene mtima wake sunkaifuna kuti wina apeze phindu. Ndili nayebe, amasewera ndi ana, amalondola fungo bwino kuposa agalu ambiri amene ndawaona, koma pa sleeve sindinamubwezerenso.

Tsono pamene pakufunika kusamala ndi apa. Ndodo zija anazichotsa. Ku Germany anasiya kumenya mu 2023, ndipo malamulo a FCI a 2025 amangolola helper kuopseza nayo, osakhudza galu. Khoma limene galu amakwera pachigawo cha kumvera, lomwe linali masentimita 180, analitsitsa kufika 160. Ngakhale mu 2019 anali atafewetsa kale IGP1, galu kungolumpha khoma osanyamula dumbbell, komanso kulola chingwe m'malo ena achitetezo. Ku Austria mu 2025 boma linafika poletsa anthu wamba kuphunzitsa agalu kuluma. Ndikumvetsa kuti akuluakulu a masewerawa akuopa kuti mayiko ena angatsatire, ndipo za khomalo ndikugwirizana nazo, mapewa a agalu ambiri athera pamenepo. Koma galu wanga uja akanayesedwa lero mwina akanadutsa, n'kulembedwa IGP2, ine n'kumubereketsa, inu n'kudzagula mwana wake. Ndiye ngati pali kusiyana pakati pa agalu awiri mwatchulawo, ine ndingadalire wa IPO3 wakaleyo, amene wogulitsa akumuchepetsayo.

Komabe musagule kagalu kamene makolo ake alibe title ya IPO kapena IGP, zimenezo ayi. Pepala likhalepo, pamodzi ndi zotsatira za x-ray ya chiuno ndi zigongono. Pemphani buku lenileni la malikisi, osati chithunzi cha pa WhatsApp, muone kuti mayeso anachitikira kuti, jaji anali ndani, malikisi a chigawo C, cha chitetezo, ndi angati. Galu amene matitle ake onse atatu anawapezera pabwalo la kwawo, kwa jaji mmodzi, m'miyezi yotsatizana, mufunse kawiri. Ngati ali kuno ku South Africa, a bungwe la agalu la KUSA kapena a German Shepherd Dog Federation of South Africa angakuuzeni ngati mayesowo analembetsedwa. Mayi wa kagaluko mukamuone ndi maso, pabwalo lachilendo, ndi helper amene mwasankha inu, wogulitsa akakana nyamukani.

Kagaluko mukakatenga musathamangire zoluma. Amayamba ndi BH, mayeso oyamba a kumvera, ndipo IGP1 sangalowe asanakwane miyezi 18, nthawi ilipo yambiri. Pezani mphunzitsi mmodzi mumumvere, musamangoyendayenda naye m'makalabu, ndipo aliyense wofuna kumuyesa ndi ndodo ali mwana mumukanize, ngakhale atakuuzani kuti akale ankatero. Malamulo a 2025 ali pa webusaiti ya FCI, muwasindikize muziyenda nawo m'galimoto, chifukwa aphunzitsi ena kuno akuphunzitsabe ndondomeko ya IPO.