Ine anandisiya pamchenga ku Senga Bay ndi chikwama cha madisiki

Achimwene, musafulumire kuwatchula aulesi anyamata anuwo. Mwati pagulu la WhatsApp pali anthu 40 koma Loweruka pabwalo la frisbee, masewera oponyerana disiki yooneka ngati mbale, mumapezeka asanu ndi mmodzi. Musanayambe kuchotsa anthu, fufuzani kaye kuti uthenga ukumafika kwa ndani ndipo ukumadumpha ndani. Ine ndinadumphidwapo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Munali mu Okutobala 2022, nthawi ya vuto la mafuta lija, magalimoto akugona pamizere. Timu yathu ya ultimate, frisbee yosewera matimu awiri, ku Lilongwe inapangana ndi anzathu ena kuti tikasewere pamchenga ku Senga Bay. Paudzu timakhala asanu ndi awiri mbali iliyonse, koma pamchenga ndi asanu asanu, opanda nsapato, ndiye tinakonzekera mwezi wathunthu. Malo m'magalimoto anatha, ine ndinauzidwa kuti ndidzakwere minibasi, pobwerera adzandipanikiza penapake. Anandipatsanso chikwama cha timu, madisiki 9 ndi makoni 8, poti ndine ndikafike msanga ndikayeze bwalo.

Lachinayi usiku mkulu wa timu anaona kuti mafuta sapezeka, nathetsa ulendo. Sindikumudandaula pa zimenezo, mafuta kunalibedi. Koma uthengawo anauponya m'kagulu kena ka eni magalimoto, koti ine sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Dalaivala aliyense anauza anthu a m'galimoto mwake. Ine dalaivala wanga anali ndani?

Loweruka ndinadzuka 4 koloko, kabaza mpaka kudepoti, mtengo wa minibasi utakwera chifukwa cha mafuta omwewo, kondakitala n'kulipiritsanso chikwama ngati munthu. Makilomita pafupifupi 100 ndili chopanikizika, chikwama pamiyendo. Pa Kamuzu Road ku Salima ndinatsika, n'kukwera njinga yamoto mtunda wotsalawo. Ndinafika cha m'ma 9, nyanja ili bata, kamphepo kochepa, tsiku loti disiki imauluka mowongoka ngati yaikidwa pachingwe. Asodzi ankasoka maukonde, amayi akuyanika usipa. Ndinavula nsapato, ndinayeza bwalo ndi mapazi, ndinaika makoni onse 8 m'makona mwake. Ana anayamba kusonkhana, akufunsana kuti mbale zimenezi n'zodyera chiyani. Ndinawauza monyadira kuti dikirani, kukubwera anthu ambiri, muona masewera oti simunawaonepo.

10 koloko inakwana. Mchenga wa Okutobala mukuudziwa, unayamba kuwotcha mapazi, ndinathawira pansi pa mtengo. Galimoto iliyonse ikamveka ndinkaimirira. Ndinaimbira mkulu uja, foni inangoitana. Ndinaimbira wina, yozima. Wachitatu anayankha ndi mawu a tulo, "Iii aise, uli kunyanja? Sunamve? Zinalephereka Lachinayi." Kumbuyo kwake ndinamva wina akuseka. Mwina ankaseka zina, sindikudziwa, koma kuseka kumeneko ndimakumvabe.

Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama. Ndi kutolera makoni aja, imodzi imodzi, pamaso pa ana ndinawalonjeza aja. Mnyamata wina wa zaka ngati khumi, kabudula wong'ambika kumbuyo, anathamanga kukanditengera makoni a kutali. Anabwera atanyamula disiki ndi manja awiri ngati mbale ya nsima yopita kwa alendo, n'kundifunsa mwaulemu, "Anzanu aja afika nthawi yanji?" Pakhosi panga panatsekeka. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga ndinalephera kumuyankha mwana. Ndinangomuonetsa kagwiridwe kake, chala chachikulu pamwamba zinazo pansi pa mkombero, tinaponyerana kwa mphindi zingapo, kenako ndinakhala pansi. Ndalama yobwererera inali yosakwana chifukwa ndinkadalira malo aja anandilonjeza. Ndinachita kuimbira mchemwali wanga kuti anditumizire pafoni, iyeyo ali ndi ana ake ofuna kudya. Ndinafika kunyumba mdima utagwa, m'mimba muli chimanga chootcha chimodzi.

Lolemba mkulu uja analemba pagulu kuti "pepani onse amene munasokonezeka", n'kuikapo kankhope koseka. Onse ati? Ndinali ndekha! Dzina langa ankalidziwa, nambala anali nayo, chikwama anandipatsa ndi manja ake. Titakumana anati ndikanafunsa ndisananyamuke. Ndiye kuti amene wathetsa ulendo asanene, koma amene sakudziwa kanthu alote? Ndipo ndi munthu yemweyo amene amatiimika pabwalo kutilalikira za Spirit of the Game, kuti masewerawa chiyambire 1968, pamene ana asukulu a Columbia High School ku New Jersey anawayambitsa, amayenda popanda woimbira. Ukamugunda mnzako umavomera wekha, ukaponda kunja kwa mzere umanena wekha. Pa pepala la WFDF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, limene matimu amapatsirana mamalikisi masewera akatha pali zinthu zisanu, chilichonse kuyambira 0 mpaka 4, ndipo chimodzi mwa izo ndi kulankhulana. Iyeyo pabwalo amapeza 4. Kunja kwa bwalo ine ndinamupatsa 0, ndipo sindinasinthe.

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti m'timu yathu munali matimu awiri. Ena ali ndi magalimoto ndi intaneti ya kuofesi, nkhani amazimva pa nkhomaliro. Ena tinali a minibasi ndi bandulo ya tsiku limodzi, timayatsa data usiku, timapeza mauthenga 300, ambiri ndi zithunzi ndi nthabwala, wofunika uja wakwiririka pakati. Ndikukhulupirira kuti mwa anthu anu 34 osabwerawo, ena ali m'timu yachiwiriyi ndipo akuchita manyazi kunena.

Ndinasiya kusewera miyezi isanu ndi iwiri. Ndinabwerera chifukwa mayi wina wa m'timu anabwera kuntchito kwanga, anakhala pansi, n'kunena kuti tinakulakwirani. Sanalembe pagulu, anabwera ndi miyendo yake.

Ndiye inu chitani chonchi. Gulu likhale limodzi, timagulu ta m'mbali ayi, ndi timene tinandipha ine. Komabe anthu atatu kapena anayi otsogolera akhale ndi pokambirana paokha, chifukwa anthu 40 sangagwirizane tsiku, mudzangokangana mpaka mvula. Wolengeza akhale mmodzi, wodziwika, kuti anthu asamve zinthu ziwiri. Nthabwala ndi za mpira wa ku England zipite kwina. Sankhani tsiku limodzi, nthawi imodzi, bwalo limodzi, ndipo musamasinthesinthe, kuti ngakhale amene foni yake yabedwa adziwe kuti Loweruka 3 koloko akupezani. Olo mutabwera anayi, sewerani awiri awiri, ponyeranani, muwerengereni wogwira disiki mpaka 10 kuti aponye monga mwa lamulo, munthu asabwerere osagwira disiki.

Gulani kope. Lembani dzina la aliyense, kumene amachokera, amabwera pa chiyani, foni yake ndi ya WhatsApp kapena ya mabatani. Chinthu chikasintha, yambani kuimbira wa kutali ndi wa minibasi, wa galimoto amve pomaliza chifukwa iyeyo kutembenuka n'kosavuta. Timizere tiwiri ta buluu si yankho. Munthu wamva pokhapokha wayankha ndi pakamwa pake kapena walemba kuti ndamva. Atsikana muwaimbire paokha, chifukwa timu yosakaniza amuna ndi akazi imafuna anayi kwa atatu, ndipo mtsikana akafika kamodzi n'kupeza bwalo lopanda anthu kunja kukuda, makolo ake samulolanso.

Osewera anuwo muwauzenso kuti asanakwere galimoto ya ulendo wautali aziimba kaye kufunsa ngati zilipobe. Inde, ndi zomwe mkulu uja anandiuza, ndipo ndikukanabe kuti ine ndinalakwa, koma sindikufuna wina adzaime pamchenga paja ngati ine. Osalankhula pagulu musawachotse, ena amawerenga mwakachetechete n'kudzatulukira patatha miyezi. Koma amene wanena katatu kuti akubwera osabwera, pa ulendo musamuwerengere malo.

Madisiki musunge bwino, enieni a magalamu 175 aja sapezeka wamba m'mashopu kuno, timachita kutumiza kwa obwera kuchokera kunja. Ine imodzi ndinamusiyira mnyamata wa ku Senga Bay uja, sindikanatha kumulanda. Nditabweza chikwama chili ndi madisiki 8, mkulu uja anandiimbira foni tsiku lomwelo, kawiri, kufunsa kuti inayo ili kuti.