Za Misa yopempherera apongozi anu omwe anatisiya

Mayi, pepani ndi imfa ya apongozi anu. Mwati inu ndinu a CCAP, amuna anu ndi abale awo ndi Akatolika, ndipo poti chaka chikukwana chimwalirire bambo aja, banja lagwirizana kuti tsiku lovundukula chiliza pakhale Misa yowapempherera, mwana aliyense asonkhe kangachepe. Mnzanu wa ku Chigwirizano wakuuzani kuti kumeneko ndi kupembedza mizimu. Ndiye mukufunsa kuti Akatolika anazitenga kuti zimenezi, komanso ngati mungachimwe mukasonkha nawo ndi kupitako.

Inenso ndine wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, ndipo za purigatoriyo, kuyeretsedwa kumene Akatolika amati mizimu ina imadutsamo isanalowe kumwamba, sindizikhulupirira. Koma zimene ena akuyankhani, zoti Akatolika amagula kumwamba ndi ndalama, zoti amaitana akufa ngati mayi wa ku Endori uja, si zoona ayi. Lamulo loti usamchitire mnzako umboni wonama silinapatule Akatolika.

Tiyambe ndi za mizimuzo, chifukwa ndi zimene zikukusowetsani tulo. Makolo athu akathira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mpoza, ankalankhula ndi mzimuwo: agogo, landirani, mwanayu achire, mvula igwe, musatitsate kutulo. Mzimu ndiwo unkapemphedwa, ndiwo unali ndi mphamvu pa amoyo. Pa Misa ya omwalira wopemphedwa ndi Mulungu, ndipo malemuyo ndiye wosowa thandizo. Palibe amene adzalankhule ndi apongozi anu kapena kudikira kuti ayankhe. Kufunsira kwa akufa kumene Deuteronomo 18:10-12 akuletsa, katekisma wa Akatolika nayenso amakuletsa. Za kupempha Maria ndi oyera kuti awapempherere ndi mlandu wina, ndipo pamenepo ndili ndi mawu anga, koma tisasakanize lero.

Chimene amakhulupirira ndi ichi. Munthu akafa atakana Mulungu, zake zatha, ngakhale mutamuchitira Misa tsiku ndi tsiku. Akafa ali woyera kotheratu, wapita kwa Ambuye, safunanso pemphero. Koma amati ambirife timafa tili pakati: tili a Yesu ndithu, machimo akhululukidwa, koma tikadali ndi kaduka kathu, kamkwiyo kosatha, zolakwa zimene sitinakonze ndi anzathu. Chivumbulutso 21:27 akuti chodetsedwa sichidzalowa mumzinda uja. Ndiye amati pali kuyeretsedwa komaliza, ndipo mapemphero a amoyo amathandiza amene ali m'menemo. Katekisma wawo wa 1992 akufotokoza zimenezi pa ndime 1030 mpaka 1032, ndipo akunenetsa kuti onse amene akuyeretsedwawo ndi opulumuka kale. Ambiri a ife timamva ngati purigatoriyo ndi mwayi wachiwiri wa munthu amene analephera kulapa ali moyo. Iwo saphunzitsa choncho. Mkatolika angakufanizireni ndi mwana amene wachokera kosewera ali matope okhaokha: ndi mwana wa pakhomopo, nsima yake ilipo, koma amayi ake amuuza kuti ayambe wasamba. Ife timayankha kuti mwazi wa Yesu unamusambitsa kale, 1 Yohane 1:7. Mkangano wonse wagona pamenepo.

Vesi lawo lalikulu simulipeza mu Buku Lopatulika lanu. Lili pa 2 Amakabeo 12:38-46. Zaka zoposa 160 Yesu asanabadwe, Yuda Makabeo ankatsogolera Ayuda pankhondo. Atapumula pa Sabata, anthu ake anapita kukatola mitembo ya asilikali anzawo kuti akaike m'manda a makolo awo. Pomanyamula mitemboyo anapeza kuti aliyense mwa ophedwawo anali atabisa m'kati mwa malaya zithumwa za mafano a ku Jamnia, zomwe Myuda saloledwa kukhala nazo. Anthu anati, nachi chimene chawaphetsa. Yuda anasonkhetsa ndalama zasiliva 2,000 nazitumiza ku Yerusalemu kuti ikaperekedwe nsembe yopepesera tchimo lawo, ndipo wolemba bukulo akumuyamikira kuti anachita bwino poganizira za kuuka kwa akufa. Mwaona kuti ngakhale kusonkha kwa banja lanuko kukufanana ndi nkhaniyi.

Nanga bwanji bukuli mulibe mwathu? Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73, lathu 66. Chipangano Chatsopano n'chimodzimodzi, mabuku 27. Kusiyana kuli mu Chipangano Chakale, momwe iwo ali ndi Tobiti, Yuditi, Baruki, Sira, buku la nzeru za Solomoni ndi mabuku awiri a Amakabeo, kuphatikizapo zigawo zina za Estere ndi Danieli. Mabukuwa anali m'Baibulo la Chigiriki limene Akhristu oyamba ankawerenga, koma Ayuda sanawaike mu mndandanda wawo wa Chihebri. Misonkhano ya mabishopu ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 inawawerenga ngati Malemba, pomwe Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini nthawi yomweyo, ankawaika pansi pa a Chihebri aja. Kukayikakayika kumeneku kunakhalapo zaka zoposa 1,000. Martin Luther mu Baibulo lake la Chijeremani la 1534 anawasonkhanitsa pakati pa Zipangano ziwiri, n'kunena kuti ndi abwino kuwerenga koma salingana ndi Malemba. Msonkhano wa ku Trent mu 1546 unatseka nkhani kumbali ya Akatolika kuti ndi Malemba basi. Ngakhale Baibulo la King James la 1611 linatuluka nawo mabukuwa, ndipo anazimiririka kwenikweni m'ma Baibulo athu bungwe la British and Foreign Bible Society litaleka kulipirira kuwasindikiza mu 1826. Choncho ife tikamati iwo anawonjezera, iwo n'kumati ife tinachotsa, aliyense akunena theka la mbiri. Kuno kwathu Buku Lopatulika la 1922 lilibe mabukuwa, Malembo Oyera a Akatolika a 1966 ali nawo, ndipo Buku Loyera la 1998, limene anamasulira pamodzi Akatolika ndi mipingo yathu, limapezeka la mitundu iwiri. Bwerekani la amuna anu muwerenge nokha ndime ya Amakabeo ija.

Mu Chipangano Chatsopano amaloza 1 Akorinto 3:11-15, pamene Paulo akuti ntchito ya munthu idzayesedwa ndi moto, ina idzapsa, koma mwini wake adzapulumuka monga wopyola pamoto. Amalozanso Mateyu 12:32, za tchimo losakhululukidwa nthawi ino kapena ikudzayo, n'kufunsa kuti kodi sizikusonyeza kuti alipo ena okhululukidwa kutsogoloko? Ena amawonjezera 2 Timoteo 1:16-18, pamene Paulo akupempherera Onesiforo chifundo pa tsiku lijalo m'njira yooneka ngati munthuyo anali atamwalira kale.

Kwa ine mavesi amenewa sakukwana. Moto wa Paulo ukuyesa ntchito ya omanga mpingo pa tsiku la chiweruzo, sukutsuka mizimu. Za Onesiforo lembalo silikunena kuti anafa. Ngakhale nkhani ya Amakabeo ili ndi vuto lake: asilikali aja anafa ndi mafano m'malaya, tchimo limene Akatolika eniake amaliwerenga lalikulu, loti purigatoriyo sangalichotse. Tsono kumbali inayo kuli Yesu akuuza wachifwamba pamtanda kuti lero lomwe adzakhala naye m'Paradaiso, Luka 23:43. Kuli Paulo wolakalaka kuchoka kukakhala ndi Khristu, Afilipi 1:23. Kuli Ahebri 10:14, kuti ndi nsembe imodzi anawayesa angwiro kosatha iwo oyeretsedwa. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, wa mwambo umene amishoni a Dutch Reformed anafika nawo ku Mvera mu 1889, pa funso 57 akuti mzimu wa wokhulupirira umatengedwa nthawi yomweyo kupita kwa Khristu. Chivomerezo cha Westminster, chimene anabwera nacho a ku Scotland, chimaletsa poyera kupempherera akufa. Ine ndaima pamenepo.

Komabe tisamanamizane kuti mwambowu anaupeka apapa dzulodzuloli. Tertullian wa ku Carthage, cha m'ma 200, analemba kuti Akhristu ankapereka zopereka chifukwa cha omwalira chaka chilichonse pa tsiku limene anafa. Monica, amayi ake a Augustine, akumwalira ku Ostia mu 387, anauza ana awo kuti asavutike ndi za komwe adzaike thupi lawo, koma aziwakumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene angakhale. Augustine anachitadi zimenezo. Ndiye kumbukirani kuti Augustine ameneyu ndi amene John Calvin ankamudalira kuposa mphunzitsi wina aliyense wakale. Calvin pofika pa nkhaniyi anangoti linali khumbo la mayi wokalamba, ndipo mwana wake analitsata chifukwa cha chikondi osaliyesa ndi Malemba. Mwina ananena zoona, koma zikutiuza kuti anthu oopa Mulungu akhala akusiyana pamenepa kuyambira kalekale. A Orthodox amapempherera akufa koma purigatoriyo wa Chiroma samuvomera. Aanglikani malamulo awo akale amakana purigatoriyo, chonsecho ambiri a iwo amatchula omwalira m'mapemphero. A Seventh-day Adventist amatitsutsa tonse, amati akufa ali m'tulo sadziwa kanthu, Mlaliki 9:5. Ndipo ifeyo a CCAP ndi a Pentekosite, munthu akangomwalira timadzaza Facebook ndi "mzimu wake uuse mumtendere". Tikamalemba choncho timakhala tikupempha yani, ndipo tikupemphera yani?

Tsopano za ndalama. Apa pali chilonda chenicheni cha mbiri. Mu 1517 Johann Tetzel ankayenda m'madera a ku Germany akugulitsa makalata a chikhululukiro, ndalama zina zikupita kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome, ndipo anthu ankauzidwa kuti khobidi likangolira m'bokosi mzimu wa m'bale wawo watuluka mu purigatoriyo. N'zimene zinamuutsa Luther kulemba mfundo zake 95 ku Wittenberg. Koma Akatolika eniake anadzakonza. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unalamula mabishopu kuletsa chilichonse chonunkha malonda pa chiphunzitsochi, ndipo Papa Pius V mu 1567 anathetsa zikhululukiro zomangidwa pa ndalama. Lero chimene banja lanu likusonkha ndi chopereka cha Misa. Malamulo a Eklezia a 1983 akuti pasaoneke ngakhale kachizindikiro ka malonda, akulimbikitsa ansembe kuchitira Misa osauka ngakhale asanapereke kanthu, ndipo wansembe saloledwa kudzisungira zopereka za Misa zingapo tsiku limodzi, kupatula pa Khirisimasi. Kaya aliyense amatsata, ndi nkhani ya anthu. Ifenso abusa akabwera kumaliro sitiwabweza chimanjamanja, ndipo amene akufuula kwambiri za Tetzel pano ena mwa iwo ali ndi kabotolo ka mafuta odzozera kogula kwa mneneri.

Mukapita mudzaona izi. Misa isanayambe kapena poyambirira pake wina adzalengeza kuti ikupempherera mzimu wa malemu uje, yapemphedwa ndi ana awo. Padzakhala mawerengo a m'Baibulo, ulaliki, ndipo pa pemphero lalikulu la Ukaristia bambo mfumu adzatchula dzina la apongozi anu kupempha Mulungu awalandire. Kumanda adzawaza madzi odalitsidwa pachiliza, nsalu ichotsedwe, anthu aike nkhata za maluwa, kenako kunyumba kukadya. Inu simukakamizidwa kuchita chizindikiro cha mtanda kapena kuyankha pemphero limene mtima wanu ukulikana. Nthawi yolandira Ukaristia khalani pa mpando wanu. Iwo eni salola amene si Mkatolika kulandira, ndiye palibe adzakuoneni ngati mwanyoza. Dziwaninso kuti sizithera pomwepo: pa 2 November chaka chilichonse amakumbukira omwalira onse, ndipo amuna anu mwina azidzafuna kupita kumanda tsiku limenelo.

Kodi mukuchimwa mukapita? Ine ndikuti ayi. Kukhala pambali pa amuna anu pamene akukumbukira bambo awo si kuvomereza chiphunzitso chilichonse cha mpingo wawo, monganso iwo akabwera ku maliro a kwanu sasanduka a CCAP. Muli ndi zambiri zoti mupemphere m'katimo ndi mtima woyera: kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa bambo aja, kupempherera apongozi anu aakazi ngati alipo, ndi ana amasiye. Za kusonkha, Aroma 14:23 akuti chosachokera m'chikhulupiriro ndi tchimo, ndiye ngati chikumbumtima chikukana kuti ndalama yanu ipite ku chopereka cha Misa, musadzikakamize. Pa mwambo ngati umenewu zofunika ndi zambiri, simenti ya chiliza, ufa, ndiwo, nkhuni, galimoto yonyamula achibale. Tengani chimodzi mwa zimenezi. Koma mukambirane ndi amuna anu kuchipinda tsikulo lisanafike, osati kukaimirira pa msonkhano wa banja n'kuyamba kuwerenga Ahebri pamaso pa alamu anu ali ndi chisoni. Amene angakhumudwe kwambiri ndi kusabwera kwanu kapena mawu anu si bambo mfumu, ndi amuna anu omwe.

Ngati muli ndi udindo ku mpingo, kaya ndinu mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri ku Chigwirizano, adziwitseni abusa anu kuti mukupita kukavundukula chiliza cha apongozi ndipo kudzakhala Misa, kuti asadzamve kwa anthu ena zitapotozedwa. Yunifolomu musavale musanawafunse.