Parsons kapena Guthrie: mkangano wa mawu ozungulira a The Dark Side of the Moon

Wowerenga wina wanditumizira imelo, ndipo funso lake mwachidule ndi ili. Akufuna kugula chimbale cha Pink Floyd chotchedwa The Dark Side of the Moon, chimene chinatulutsidwanso mu 2023 m'mawu ozungulira a Dolby Atmos, koma atawerenga zimene okonda gululi amalemba, mutu wamuima, chifukwa ena akuchitamanda kwambiri pamene ena akulimbikira kunena kuti palibe chingapose ntchito ya mawu ozungulira imene Alan Parsons, injiniya amene anajambula chimbalechi, anagwira mu 1973. Akufuna kudziwa amene akunena zoona, komanso ngati n'kwanzeru kutulutsa ndalama zake pamene kunyumba ali ndi soundbar (sipika imodzi yaitali yoikidwa pansi pa TV) ndi mahedifoni basi.

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mmene ine ndikuonera, anthuwa sakukangana kwenikweni za kumveka bwino kwa mawu, ngakhale kuti iwo amaganiza choncho. Akukangana za malo amene womvetsera ayenera kukhazikidwa: kodi akhale pampando moyang'anizana ndi oimba, kapena alowetsedwe pakati pawo? Mukamvetsa zimenezi, zambiri zimene mwawerenga zija ziyamba kugwirizana.

Tiyambe ndi chimene chimachitika chimbale chakale chikamakonzedwanso. Chimbalechi chinajambulidwa ku Abbey Road mumzinda wa London pakati pa 1972 ndi kumayambiriro kwa 1973, pa matepi a mizere 16, kutanthauza kuti ng'oma, besi, magitala, makiyibodi ndi mawu a oimba zinkasungidwa padera. Pomaliza, zonsezo zinasakanizidwa n'kukhala mizere iwiri ya stereo, wakumanzere ndi wakumanja, ndipo izi ndi zimene anthu ambiri padziko lonse akhala akumva kuyambira mu Malichi 1973. Amene akufuna kupanga mawu ozungulira sangangotenga stereo ija n'kuitambasula. Amabwerera ku matepi a mizere yambiri aja n'kuyambanso kusankha kuti chida chilichonse chimvekere kuti ndiponso mokweza bwanji. Choncho ntchitoyi si kupukuta fumbi pa chinthu chakale ayi, ndi kupanganso zosankha mazanamazana, ndipo anthu awiri aluso lofanana sangasankhe mofanana.

Chimene chimawonjezera moto pa chimbale ichi n'chakuti gulu la Pink Floyd linkakonda mawu ozungulira kuyambira kale. Pa 12 Meyi 1967, pa chionetsero chotchedwa Games for May ku Queen Elizabeth Hall, gululi linaika masipika kuzungulira holo yonse, ndipo linali ndi kachipangizo kotchedwa Azimuth Co-ordinator kamene kankayendetsa mawu kuchoka ngodya ina kupita ngodya ina. Mawotchi amene amalira kumayambiriro kwa nyimbo ya Time anajambulidwa ndi Parsons poyesera njira ya masipika anayi, yotchedwa quad, nyimboyo isanawafune n'komwe. Ndipo pamene kampani ya EMI inaitana atolankhani ku London Planetarium mu Febuluwale 1973 kuti adzamve chimbale chatsopanochi, mwa oimba anayi aja ndi Richard Wright yekha amene anafika, chifukwa enawo sanasangalale kuti mwambowo uchitike ntchito ya quad isanathe. Okonda Parsons amatchula zinthu izi kawirikawiri, ndipo sindingawatsutse: chimbalechi chinabadwa chikuyembekezera masipika oposa awiri.

Parsons, amene anali injiniya wojambula chimbalechi, ndiye anasakaniza mawu a quad aja. Tsoka lake, quad inafa msanga pamsika. Makampani ankapikisana ndi njira zosagwirizana, monga SQ, QS ndi CD-4, ndipo njira ya SQ imene EMI inagwiritsa ntchito inkapanikiza mizere inayi m'mizere iwiri ya mbale ya galamafoni, moti potuluka mawu a kumbuyo ankadonthera kutsogolo. Anthu ochepa okha ndi amene anamva ntchitoyi mmene inalili. Mbiri yake inakula mobisika, makamaka pamene disiki ya DVD yosavomerezeka yokhala ndi mizere inayi yoyera inayamba kuyenda m'manja mwa okonda gululi m'zaka za m'ma 2000.

Mu 2003, pokumbukira zaka 30, gululi linatulutsa chimbalechi pa SACD, mtundu wa disiki wosunga mawu apamwamba kuposa CD wamba, m'mawu a 5.1, ndiye kuti masipika atatu kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi imodzi ya mabingu a pansi. Ntchitoyi sinapatsidwe kwa Parsons koma kwa James Guthrie, amene wakhala akugwira ntchito ndi gululi kuyambira pa chimbale cha The Wall cha mu 1979. Parsons sanabise kukhumudwa kwake. Atamvetsera, ananena kuti Guthrie anamamatira kwambiri ku stereo yoyamba ija, ndipo pa nyimbo ya On the Run anadandaula kuti zinkamveka ngati stereo yongowonjezeredwa pang'ono kumbuyo, ngakhale kuti anayamikira mmene Guthrie anakonzera mawu a woimba Clare Torry m'nyimbo ya The Great Gig in the Sky. Mkangano umene mwaupeza uja unayambira pamenepo, ndipo mawu a Parsons amabwerezedwa mpaka lero ndi anthu amene mwina sadziwa kumene anachokera.

Nanga khutu limamva chiyani? Pa zinthu zongokometsera, monga kulira kwa ndalama ndi makina owerengera ndalama kumayambiriro kwa Money, kapena mawotchi aja, onse awiri amamwaza mawu m'chipinda chonse, ndipo kusiyana kwake si kwakukulu. Kusiyana kumabwera gulu lonse likalowa. Guthrie wa mu 2003 amasunga mtima wa nyimbo kutsogolo, masipika a kumbuyo n'kumathandizira ndi kutambasula, ndipo mawu ake ndi olemera, ofunda, besi yake yokhuta. Parsons saopa kuika chida chathunthu kumbuyo kwa phewa lanu n'kuchisiya pomwepo, ndipo mu Us and Them mawu obwerezabwereza aja amayenda kuchoka pa sipika ina kupita pa ina. Zili ngati kusiyana kwa munthu woonerera gule ali kunja kwa bwalo ndi munthu amene wakokeredwa pakati, ng'oma ina kumanzere, ina kumsana, oomba m'manja mbali zonse. Woyambayo amaona dongosolo lonse bwinobwino. Wachiwiriyo saona zonse, koma thupi lake lili m'gulemo.

Otsatira Guthrie ali ndi mfundo zolimba, ndipo si bwino kuwanyoza ngati anthu amantha. Amati ntchito ya Parsons inachitika oimba osaikapo dzanja kwenikweni, pamene ya Guthrie oimbawo anaimvetsera n'kuivomereza. Amatinso m'ntchito ya quad muli malo amene kakulidwe ka zida kamasiyana ndi kamene anthu anazolowera, moti munthu amene wamva chimbalechi kwa zaka makumi angapo amadzidzimuka pamene sanayenera kudzidzimuka. Kwa iwo, ntchito ya wokonzanso ndi kutsegula chitseko cha nyumba imene ilipo kale, osati kusuntha makoma. Otsatira Parsons amayankha kuti ngati munthu wagula masipika asanu kuti azimva zofanana ndi zimene awiri ankamupatsa, ndiye kuti wangotaya ndalama.

Palinso gulu lachitatu, limene limalankhula motsitsa koma ndi lalikulu kuposa onse awiri, lomwe limati chimbale chenicheni ndi stereo ya mu 1973 ndipo zina zonsezi ndi malonda. Ndimawamvetsa, chifukwa chimbale chimodzi chikagulitsidwa kwa munthu yemweyo kachisanu, kukayikira n'koyenera. Koma ndimakana akamanena ngati kuti stereo ija inatsika kumwamba. Nayonso inali zosankha za anthu. Katswiri wina wokonza zimbale, Chris Thomas, anaitanidwa kudzayang'anira kusakaniza komaliza, ndipo David Gilmour, woimba gitala wa gululi, anafotokozapo kuti iye ankafuna mawu otambalala, okhala ndi kubwereza kwambiri, pamene Roger Waters, woimba besi, ankafuna ouma ndi olunjika, ngakhale kuti Thomas mwiniwake anati sanaone kukangana kulikonse. Kaya zinali bwanji, chimene tinazolowera chija chikanatha kumveka mwina.

Mu Seputembala 2011 mkanganowu unapeza poyesera, chifukwa bokosi lotchedwa Immersion linaika ntchito zonse ziwiri pamodzi, ya quad ya mu 1973 ndi ya 5.1 ya mu 2003, pa DVD ndi pa Blu-ray. Ambiri anaseka zinthu zina zimene zinali m'bokosimo, monga mabo a galasi, mpango wa m'khosi ndi toikapo makapu, koma kwa nthawi yoyamba munthu wamba anatha kufananitsa yekha. Palibe mbali imene inagonja. Chimene chinasintha n'chakuti ambiri anayamba kunena zimene inenso ndimanena, kuti ya Guthrie imamveka bwino koma ya Parsons imasangalatsa.

Tsopano tifike pa imene mukufuna kugula. Ntchito ya Atmos ya mu Malichi 2023 anagwiranso ndi Guthrie, koma si ntchito ya mu 2003 yongopakidwa utoto. Atmos imalola wosakaniza kuika mawu pamalo alionse m'chipinda, kuphatikizapo pamwamba pa mutu, makina a womvetsera n'kuwagawa molingana ndi masipika amene alipo. Ena mwa okonda gululi anavomereza kuti ulendo uno Guthrie analimba mtima, ndipo ine ndikugwirizana nawo: zida zatalikirana, kumbuyo kuli moyo wakewake, koma kulemera kwa mawu kuja sikunatayike. Madandaulo amene mwawerenga, mukawayang'anitsitsa, ambiri sakunena za Atmos yeniyeniyo. Akunena za mtengo wa bokosi lalikulu lokumbukira zaka 50 za chimbalechi, m'mene ntchito ya Atmos inatulukira, za kuchepa kwa zinthu zatsopano mmenemo, ndiponso makamaka za kusiyidwa kwa ntchito ya Parsons, imene inalipo mu 2011 koma mu 2023 sinaikidwemo. Pa mfundo yomalizayi ndili kumbali ya odandaula. Ntchito ya quad ija ndi mbali ya mbiri ya chimbalechi, inapangidwa ndi munthu amene anali m'situdiyo pamene nyimbozo zinkajambulidwa, ndipo kuisiya pa chikondwerero chachikulu chotere kunali kulakwitsa.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza maganizo a anthu amene mukuwawerengawa, ndipo chikukhudza inuyo mwachindunji. Anthu awiri akamati amva Atmos ya chimbalechi, nthawi zambiri sanamve chinthu chimodzi. Wina wamvera pa Blu-ray, pamene mawu amasungidwa mwa njira ya Dolby TrueHD yosataya kanthu, m'chipinda cha masipika 11 kapena 12. Wina wamvera pa intaneti, pamene mawu amapanikizidwa kuti asadye data yambiri. Wina wamvera pa mahedifoni, amene alibe kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni koma amangonyenga khutu ndi masamu, ndipo chinyengocho chimagwira mosiyana malingana ndi mutu ndi makutu a munthu. Soundbar nayo imadalira kuwombetsa mawu ku denga ndi ku makoma, choncho m'chipinda cha denga lalitali kwambiri kapena chopanda siling'i zambiri zimasochera. Onsewa amalemba maganizo awo pamalo amodzi ngati kuti akukambirana za chinthu chofanana.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Musagule bokosi lalikulu. Yambani mwamvetsera ntchito ya Atmos pa Apple Music kapena pulogalamu ina yotere ndi zipangizo zimene muli nazo, mukuisinthanitsa ndi stereo, makamaka pa On the Run ndi Us and Them. Ngati kusiyanako sikukukugwirani mtima, Blu-ray siidzasintha zambiri pa soundbar yanu. Ngati kwakugwirani, gulani Blu-ray yapayokha imene inatuluka chakumapeto kwa 2023, imene ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi bokosi lija, ndipo ndalama zotsalazo muzisungire ampulifaya ya mizere yambiri, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, pamodzi ndi masipika enieni awiri a kumbuyo. Disiki ya Atmos imaseweranso pa makina a 5.1 wamba, mawu a pamwamba aja amangotsitsidwira m'masipika amene alipo, osatayika. Masipika a kumbuyowo asakhale tating'ono kwambiri poyerekeza ndi a kutsogolo, chifukwa nyimbo, mosiyana ndi mafilimu ambiri, zimatumiza zida zathunthu kumeneko.

Mukadzafika pamenepo mudzafuna kumvanso ya Parsons, ndipo njira yovomerezeka ndi kufunafuna bokosi la Immersion la mu 2011 kwa ogulitsa zinthu zakale. Pogula mudzachenjere, chifukwa ena mwa madisiki a Blu-ray a m'mabokosi opangidwira ku Ulaya anasiya kusewera patapita zaka, ngakhale akuoneka opanda chikanda chilichonse. Mudzapemphe wogulitsayo kuti ayese disikiyo musanalipire, ndipo ngati Blu-ray yafa, DVD ya m'bokosi lomwelo ilinso ndi ntchito ya quad ija, kungoti mawu ake ndi opanikizidwa.