PS5 ya digito, ya disiki, kapena PS4? Yankho kwa achimwene a ku Mpondasi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Mpondasi, konkuno ku Mangochi. Iye analemba motere: "Akulu anga ali ku Johannesburg ndipo andiuza kuti ndisankhe ndekha PlayStation yoti anditumizire Disembala isanafike. Ndalama zawo zikukwanira chimodzi mwa izi: PS5 ya digito yatsopano, PS5 ya disiki yogwirapo kale ntchito, kapena PS4 yokhala ndi mapadi angapo ndi magemu. Anzanga akuti ndiumirire PS5 Pro. Ine ndimakonda mpira ndi magemu omenyana, ndipo ndikuganiza zoti madzulo anyamata azibwera kudzasewera molipira pakhonde la golosale ya mayi anga. TV yanga ndi ya mainchesi 32. Ndisankhe iti?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi kukuuzani poyera kuti chilichonse chimene mungasankhe, chikhale ndi polowetsa disiki. Zina zonse tikambirana, koma apa pokha sindisuntha.

Ndikudziwa chifukwa chake ya digito, ija yopanda polowetsa disiki, ikukokani mtima. Ndi yatsopano, ili m'bokosi lake, palibe wina anaigwirapo. Ngakhale pamene PS5 inkatuluka mu Novembala 2020, ya digito inali yotsika mtengo ndi madola 100: ya disiki inali pa madola 499, inayo pa 399. Koma makina amenewo anapangidwira munthu amene intaneti yake ili ngati madzi a pampopi, amangotsegula osawerengera. Ife kuno timagula bandulo, ndipo timayang'ana kangapo patsiku kuti yatsala bwanji. Gemu ya mpira ya EA Sports FC, ija tinkaitchula kuti FIFA mpaka pa FIFA 23, imadya magigabaiti oposa 30. Magemu ena a Call of Duty amadutsa 100. Tangoganizani kudawuniloda zimenezo pa foni yanu ya Airtel kapena TNM, netiweki ikubwera ikupita, kenako magetsi n'kuzima mutafika pakatikati. Ndalama imene akulu anu apulumutsa kusitolo mudzaibweza yonse kwa ejenti wa mayunitsi miyezi iwiri isanathe.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa la bandulo, ndipo ogulitsa ambiri salitchula. Mukamatsegula akaunti ya PlayStation, dzina la Malawi simulipeza pa mndandanda wa mayiko. Anthu kuno amatsegula akaunti za South Africa, America kapena UK, ndipo kuti agule gemu amafunika kadi la ndalama la dziko lomwelo. Kadi la America silingalowe mu akaunti ya South Africa. Ndiye nthawi iliyonse imene mukufuna gemu yatsopano, muzikhala mukuimbira ku Joni kupempha kuti akuguleni kadi n'kukutumizirani manambala. Akulu anu akhoza kuchita kamodzi, kawiri, koma nawonso ali ndi lendi yawo. Njira ina imene yafala ndi yogula magemu kwa anthu amene amakuikirani akaunti yawo m'makina anu pamtengo wotsika. Zimayenda bwino masiku oyamba. Tsiku lina mumangoona kachizindikiro ka loko pa gemu, mwini akaunti wasintha pasiwedi kapena waigulitsanso kwa wina, foni yake sakuyankha. Zinandichitikira ine pa PS4 yanga zaka zapitazo, ndipo magemu atatu amene ndinalipira anatsekeka usiku umodzi. Ndinamva kuwawa kwambiri chifukwa ndalamazo ndinazisunga kwa miyezi.

Disiki ilibe zonsezi. Mukaigula ndi yanu. Mukatopa nayo mumasinthana ndi mnzanu wa ku Makawa kapena ku Monkey Bay, kapena mumaigulitsa n'kuwonjezera pang'ono kugula ina. Munthu akamabwera kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe amakutengerani m'thumba la jekete. Ndisakunamizeni, gemu ya pa disiki imayambanso yalowa m'makina, imatenga malo chimodzimodzi, ndipo imapempha apudeti ikangomva fungo la intaneti. Koma magemu ambiri a mpira ndi omenyana mumasewera anthu awiri pa TV imodzi popanda apudetiyo. Chimene mumataya ndi chakuti osewera amene asintha matimu posachedwa amaonekabe m'matimu awo akale, ndipo anyamata a pakhonde adzadandaula pang'ono koma sadzasiya kusewera.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa pa ya digitoyo. PS5 ya Slim, imene inatuluka kumapeto kwa 2023, imalola kuti mugule polowetsa disiki padera n'kumangirira pambali. Choncho ngati ya digito imene akulu anu aiona ndi Slim, khomo silinatsekeke kotheratu. Koma chipangizocho ndi ndalama inanso, pafupifupi madola 80 pamene chinkatuluka, kuno sichipezeka mwachisawawa, ndipo tsiku loyamba chimafuna intaneti kuti chigwirizane ndi makina. Ya digito yoyamba ija, yaikulu ya 2020, ilibe mwayi umenewu. Inabadwa yopanda disiki ndipo idzafa choncho.

Za PS5 Pro sinditaya nthawi. Inatuluka mu Novembala 2024 pa madola pafupifupi 700, ndipo nayonso imabwera yopanda polowetsa disiki. Mphamvu zake zowonjezera zimaoneka pa TV yaikulu ya 4K. Pa TV yanu ya mainchesi 32, inu ndi anzanu aja simungathe kusiyanitsa Pro ndi PS5 wamba ngakhale mutakhala mphuno ili pagalasi. Magemu ake ndi omwewo, palibe gemu ya Pro yokha. Auzeni anzanuwo kuti ndalama yotsalayo ili ndi ntchito yabwino kuposa imeneyo.

Mwina akulu anu akamazungulira m'masitolo aonanso Xbox Series S, kabokosi koyera kakang'ono, kotsika mtengo kuposa PS5. Ndi makina abwino ndipo sadya magetsi ambiri, koma alibe disiki, ndipo palibe njira yoikirapo. Ubwino wake wagona pa Game Pass, njira yosewerera magemu ambiri yolipira mwezi ndi mwezi komanso yodalira intaneti. Kwa munthu amene ali ndi intaneti ya Starlink kunyumba, monga m'malo ena ogona alendo a ku Nkopola ndi Cape Maclear, nkhani ndi ina. Kwa inu ayi.

Tsono tatsala ndi ziwiri: PS5 ya disiki yogwirapo kale ntchito, ndi PS4. Apa ndiye pamene ndaganiza nthawi yaitali, chifukwa mwandiuza zinthu ziwiri zimene zikukokera mbali zosiyana.

Monga munthu wokonda magemu omenyana, PS4 yayamba kukusiyani m'mbuyo. Makinawa ndi a 2013. Tekken 8 palibe pa PS4. Mortal Kombat 1 palibe, muthera pa Mortal Kombat 11. GTA VI imene achinyamata akuyembekezera ikupangidwira PS5 ndi Xbox Series, PS4 sanaiwerengere. Koma mpira wakhala ukutulukabe pa PS4 chaka ndi chaka, mpaka FC 26. Pamene PS5 ya disiki imasewera magemu ake komanso pafupifupi madisiki onse a PS4. Ndiye kuti mukaigula mwagula makina awiri m'thupi limodzi, ndipo madisiki akale otsika mtengo aja amene ali mbwee m'manja mwa anthu onse ndi anu.

Koma monga munthu wofuna kupanga kandalama pakhonde, PS4 ili ndi mfundo zake zolimba. Mnyamata amene wabwera ndi ndalama yake akufuna Real Madrid ndi Barcelona, kapena Man United ndi Arsenal, akufuna kumenya mnzake zigoli anthu akuonerera. Safunsa chaka chimene makina anapangidwa. Chimene chimatha msanga pa bizinesi imeneyi ndi mapadi, zogwira m'manja posewera zija, osati makina. Timitengo tija towongolera timatopa, wosewera amayamba kuthamanga yekha pa TV inu musanakhudze, mabatani amamira. Padi ya PS5, DualSense, ndi yodula kwambiri, inkagulitsidwa pa madola 70 pamene inkatuluka. Ya PS4 ndi yotsika mtengo, ndipo anyamata okonza mafoni ambiri amaidziwa mkati mwake.

Nali tsono limene ndingachite ndikanakhala inu. Ndikanatenga PS5 ya disiki, koma pokhapokha ngati ndalama zikukwaniranso mapadi awiri a PS4 enieni ndi disiki ya mpira ya PS4. Chifukwa chake n'chakuti padi ya PS4 imagwira ntchito pa PS5 mukamasewera gemu ya PS4. Pa gemu ya PS5 yokha ndi pamene imakana. Choncho madzulo anyamata azisewera mpira wa PS4 ndi mapadi otsika mtengowo, ndipo DualSense yanu izikhala m'kabati kudikira inu ndi Tekken usiku. Ngati ndalama zikungokwanira PS5 ndi padi yake imodzi basi, musakakamire. Padi imodzi si bizinesi, ndiponso mpira wa munthu mmodzi sukoma. Pamenepo tengani PS4 Slim, ya 2016 ija, ndi mapadi anayi ndi madisiki asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndikuti Slim dala. Yoyamba yaikulu ija yakalamba kwambiri tsopano, ndipo PS4 Pro zambiri zimalira ngati injini ya boti zikatentha, komanso zimadya magetsi ambiri popanda phindu pa TV ngati yanuyo.

Nkhani ya magetsi musaichepetse. PS5 ikamasewera gemu yake imakoka mawati pafupifupi 200, pamene PS4 Slim nthawi zambiri siifika pa 100. Ngati pa golosalepo mumadalira sola ndi inveta yaing'ono magetsi akazima, kusiyana kumeneku ndi kumene kudzanene ngati anyamata amaliza mpikisano wawo kapena abalalika mdima ukangogwa. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Ndipo chimene chimapha makinawa kwenikweni ndi mmene magetsi amabwerera, ndi mphamvu yodumpha. Musalumikize PlayStation pakhoma mwachindunji. Gulani gadi ngati uja timaika pa firiji ndi pa TV, amene amadikira kaye pang'ono asanalole magetsi kudutsa. Mukatha kusewera zimitsani kotheratu, musaisiye ili m'tulo pa rest mode, chifukwa magetsi akazima ili chomwecho imatha kusokoneza zimene zasungidwa mkati. Pulagi ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira pamene soketi zathu ndi za mano afulati, koma chingwe cha PS5 ndi cha PS4 Slim ndi chija cha mabowo awiri chofanana ndi cha wailesi, mumsika chimapezeka. Kusintha chingwe n'kwabwino kusiyana ndi kukakamiza pulagi pa adaputa yogwedera.

Kenako kutentha kwathu kuno. Mabuku a makinawa amanena kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 5 ndi 35. Inu mukudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amakhalira ku Mangochi, makamaka pansi pa malata masana, ngakhale mphepo ya kunyanja siithandiza. Ikani makina pamalo okwera, pamthunzi, mbali zonse pakhale mpata wopumira. Musawatsekere m'kabati kapena kuwafunditsa nsalu akuyaka poopa fumbi. Fumbilo muzilipukuta m'mabowo ndi kabulashi kouma sabata iliyonse. Chinanso, popeza ndi pafupi ndi golosale, samalani mphemvu. Zimakonda kufunda kwa mkati mwa PS4, zimalowa n'kukafera pa gawo la magetsi, makina n'kusiya kuyaka. Anyamata asamadyere mandasi ndi kanyenya pafupi ndi makina. Ndipo pempho langa kwa inu monga mkulu mnzanu: mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu musamulandire ndalama. Mayi anu ali ndi dzina labwino m'deralo, lisaipe chifukwa cha gemu.

Popeza PS5 imene mukuiganizirayo ndi yogwirapo kale ntchito, akulu anu asapereke ndalama asanaione ikuyaka. Akuimbireni pa WhatsApp ya kanema ali pomwepo. Ayang'ane nambala imene yalembedwa pa makina kapena pa bokosi: ikayamba ndi CFI-1 ndi yoyamba ija ya malo osungira 825GB, ikayamba ndi CFI-2 ndi Slim, ndipo chilembo A pambuyo pa manambala chikutanthauza ya disiki, B ndi ya digito. Kwa PS4, Slim imayamba ndi CUH-2. Alowetse disiki aone ngati ikuwerenga ndi kutuluka bwinobwino. Asewere mphindi 20 kapena 30 kuti amve ngati ikulira modabwitsa kapena kuzima yokha. Agwedeze pang'ono chingwe cha HDMI, chija chopita ku TV, kumbuyo, chithunzi chikamathawa ndiye kuti polowera pake padwala, ndipo kukonza pamenepo si ntchito ya aliyense. Ayese kulowa mu akaunti yawo pa intaneti, chifukwa makina ena analetsedwa ndi Sony ndipo sangalowenso. Mwini wakale achotse akaunti yake pamaso pawo. Akawauza kuti PS4 ina ndi "yotsegulidwa", yodzaza ndi magemu aulere, adziwe kuti magemuwo ndi akuba, makinawo sangapite pa intaneti, ndipo mwana mmodzi akangodina apudeti zonse zimatha.

Mapadi a PS4 achinyengo ndi ambiri kuposa enieni, ndipo bokosi lokha silinena zoona. Enieni amalemerako m'manja, mabatani ake salira phokoso la pulasitiki yopepuka. Ngati n'kotheka agule m'sitolo yodziwika ngakhale mtengo ukwere pang'ono.

Pomaliza pa zotumiza: lisiti lisatayike, liyende limodzi ndi katunduyo, chifukwa pa chipata cha Mwanza kapena Dedza a MRA akhoza kufuna kuona mtengo wake, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi wotengayo pasadakhale kuti msonkho ukapezeka alipira ndani. Makina awakulunge m'zovala kapena m'bulangete mkati mwa chikwama cholimba, asaikidwe pansi pa katundu wolemera m'ngolo ya basi, ndipo disiki isatsalire mkati paulendo. Akafika, ndilembereninso mundiuze nambala ya CFI kapena CUH imene mwalandira, ndidzakuthandizani kutsegula akaunti ya South Africa kuti igwirizane ndi madisiki amene akulu anu azikutumizirani.